Chipewa Changa pa Msewu wa ku Sitesheni

Mmawa wanga woyamba ku England ndinavulira chipewa maliro amene kunalibe.

Ndinali nditafika dzulo lake, ntchito ndisanayambe, ndiye ndinati ndituluke ndikaone kumene ndabwera. Chisanu chinkaluma makutu ngati linthumbu. Nditangokhota pa ngodya ya msewu wathu ndinakumana nawo: anthu ambirimbiri, amuna ndi akazi, onse m'majasi akuda, onse kuloza kumodzi, mitu pansi, popanda ndi mmodzi yemwe wotsegula pakamwa. Nsapato zokha ndizo zinkalankhula. Ine ndinakulira ku Maramba, komboni ya ku Livingstone, ndipo ku Maramba anthu ochuluka chotero akamayenda osaseka, osakangana, osagulitsana kanthu, ndiye kuti kutsogolo kuli bokosi. Ndinachita zimene bambo anga anandiphunzitsa. Ndinapatuka, ndinaima pa kapinga, ndinavula chipewa changa cha ubweya n'kuchigwira pachifuwa.

Ndinaima pamenepo dazi likuzizira, ndikudabwa zinthu ziwiri: kuti palibe woyambitsa nyimbo, ndiponso kuti olira a kuno amayenda ngati akuthawa mvula. Mayi wina anandiyang'ana, anayang'ana chipewa, n'kuyamba kupisa dzanja m'thumba kuti andiponyere kakobiri. Apo ndiye ndinamufunsa, m'Chingelezi changa cha m'mabuku, kuti wamwalira ndani.

Anayankha akuyenda: "Palibe, bambo. Tikuthamangira sitima."

Kunyumba kumene tinkagona antchito anayi ndinafotokozera Chipo, ndipo ndinalakwa. Chipo anali mayi wa ku Zimbabwe, wa tsidya lina la mlatho wathu wa pa Zambezi, amene anakula akumva mkokomo wa mathithi omwewo amene ine ndinakula ndikumva. Chinyanja ankachilankhula ngati wa ku Dambwa, komboni ina ya kwathu. Anaseka mpaka anakhala pansi pafupi ndi firiji.

"Ba Zambia, imwe! Manje muzivula chipewa daily? Chifukwa maliro yamene ayo yamapita kuseni kulikonse, madzulo yabwelela!"

Kuyambira tsiku limenelo, ndikamatuluka ankandikuwira kuti ndipereke moni kwa anamfedwa.

Ndisanapite kunjako ndinali woperekera zakudya pa loji ina m'mbali mwa Zambezi. Sukulu ndinalekeza giredi naini, koma alendo amasiya mabuku m'zipinda, ndipo ine ndinkawatola monga ena amatolera mabotolo. Ambiri ankakhala atathothoka masamba omaliza, motero ndine munthu wodziwa chiyambi cha nkhani zambiri. Alendo atasiya kubwera nthawi ya matenda ija, loji inatseka. Patapita nthawi kunamveka zoti ku England akufuna anthu osamalira nkhalamba. Amake Tisa, akazi anga, anandigulira chipewa chija pa salaula, kaunjika wa kwathu, ku msika wa Maramba. Mkulu wanga, ba Yotamu, anandinyamulira chikwama mpaka pa basi ya ku Lusaka, n'kundiuza kuti, "Yenda iwe, vapano tizaona ise."

Ine ndinkaganiza kuti ndikupita ku London. Kumene ndinakafika ndi katauni kakang'ono kamene London amasungirako anthu ake akamaliza kuwagwiritsa ntchito tsiku limenelo. Dzina lake ndilisunga. Mmawa sitima imawatenga, madzulo imawabweza, ndipo pakati pa nthawi ziwirizi tauni imatsala ya nkhalamba, agalu, ndi ife osamalira nkhalambazo. Nyumba zake ndi za njerwa zofiira, zogundizana mapewa ngati anthu a m'minibasi, iliyonse ndi kamunda ka maluwa kutsogolo kosakwana kugonapo mbuzi. Neba wathu ndinakhala naye khoma limodzi zaka zonsezo. Ndinkadziwa nthawi imene amatsokomola, koma dzina lake ndinaliwerenga pa envulopu imene inasochera.

Masiku opuma anzanga ankagona. Ine ndinapeza laibulale, ndipo mayi wa pamenepo atandiuza kuti ndingatenge mabuku kupita nawo kunyumba, onse a masamba athunthu, ndinamufunsa kawiri. Pakona panali shelefu ya mbiri ya tauniyo, yafumbi. Ndinayamba kumanzere.

Ndinaphunzira kuti tchalitchi chakale chija chinamangidwa ndi miyala yakuda yonyezimira imene alimi ankatola m'minda. Ndinaphunzira kuti nyumba ya mowa ya pa msika, ya chitseko chachikulu ngati cha galaja, ndi pamene ngolo za mahatchi zinkasinthira mahatchi otopa. Kadziwe ka pakati pa tauni, kamene lero ana amadyetserapo abakha buledi, kanali pomwera ziweto zopita kukagulitsidwa ku London. Ngakhale atsekwe ankapita wapansi ulendo wonsewo. Ankayamba awapondetsa pa phula, kenako pa mchenga, kuti mapazi asaperepeseke. Atsekwe ovala nsapato! Nkhani imeneyi ndinaitumiza kwa amake Tisa tsiku lomwelo, iwo n'kuyankha kuti ndizidya mokwanira.

Zoti mlendo aone ziliponso. Pali ngalande yokumba anthu, mmene mumayenda timaboti titalitali topakidwa utoto wowala. Pali timinda kuseri kwa njanji kumene madoda amalima kabichi ndi kuthawirako akazi awo. Pali mabenchi, lililonse lokhomedwa kachitsulo kolembedwa dzina la wakufa amene ankakonda kukhala pamenepo. Ndinawawerenga onse, kotero akufa a tauniyo ndinawadziwa mayina msanga kuposa amoyo. Ndipo pali mathithi. Mnzathu wina wa pantchito, atamva kumene timachokera, anatitenga ine ndi Chipo kuti tikaone awo. Tinayenda m'matope mpaka pamene kamtsinje kamadumpha kakhoma kofika m'mawondo. Iye anatiyang'ana monyadira. Ine ndinati ndi okongola ndithu. Chipo analuma sikafu yake.

Koma buku lenileni la tauniyo ndinalipeza pantchito, ku nyumba yosungirako nkhalamba, m'chipinda chakumapeto, choyang'ana ku njanji. Anali munthu, dzina lake Harold. Kunjako nkhalamba ya zaka za agogo ako umaitchula dzina mosazungulira, koma lilime langa linakana, ndiye kwa ine anali ba Harold mpaka mapeto. Ndinkawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwaveka, kuwanyamula kuchoka pabedi kupita pampando. Msana wanga ukuwakumbukirabe.

Moyo wawo wonse anagwira ntchito pa geti la pa sitesheni, kubowola matikiti, mpaka pamene anaikapo mageti odzitsegula okha. Kachitsulo kobowolerako anali nakobe m'dirowa. Mmawa uliwonse ndikalowa ankatambasula dzanja, ine n'kupereka kapepala kalikonse kamene ndinali nako m'thumba, iwo n'kukabowola, tcheke! Ndiye ntchito iyambe.

"Anthu a tauni ino sindiwadziwa nkhope," anandiuza tsiku lina. "Ndimawadziwa manja. Amene wayambana ndi mkazi wake amapereka tikiti chozondoka."

Ndinawauza za atsekwe aja, ndikuganiza kuti ndiwadabwitsa.

"Eya," anatero. "Kale tinkatumiza atsekwe ku London. Lero timatumiza maloya. Phokoso ndi lomwelo."

Ndi iwo amene anandimasulira chimene chinkandizunguza, choti bwanji sitesheni ili kutali ndi tchalitchi ndi msika. Akuti njanji ikubwera, mwini nyumba yaikulu ya kumtunda anakana kuti utsi udutse pafupi ndi mawindo ake. Ndiye sitesheni anakaiika kuminda. Kenako anthu anayamba kumanga motsata msewu wopita kumeneko, mzere pambuyo pa mzere. "Tauni inanyamuka wapansi kutsata sitima," anatero ba Harold, "ndipo mpaka lero sinafikebe. Mmawa uliwonse imayambanso." Ine ndinawauza kuti kwathunso ndi tauni yobadwa ndi njanji, kuti bambo anga anachoka kum'mawa kudzagwira ntchito yomanga ndi kumasula mabogi. Tsiku limenelo anandibowolera kapepala kawiri.

Nkhani ya chipewa ndinawabisira nthawi yaitali, koma Chipo anaulula. Ba Harold anaseka mpaka ndinachita kuwamenya pamsana. Atapuma anandifunsa kuti maliro enieni kwathu amakhala otani. Ndinawafotokozera: tenti pabwalo, mipando kutulutsidwa panja, azimayi m'nyumba, azibambo kunja, masiku atatu. Kuti sipakhala kuitana, munthu amangomva n'kubwera, ngakhale amene munatukwanizana chifukwa cha nkhuku. Kuti kumanda fosholo imayenda dzanja ndi dzanja, mwamuna aliyense kuponyako dothi mpaka manda atakwera, chifukwa munthu amakwiriridwa ndi anthu amene ankamudziwa.

Ba Harold anayang'ana kunja, kumene sitima inkadutsa.

"Anga tidzakhalapo atatu," anatero. "Abusa, woyendetsa motoka, ndi ine."

Akazi awo anali atamwalira kalekale, ana analibe, ndipo buku la alendo pakhomo linalibe dzina lobwerera iwo. Sanalankhule modandaula ayi, anangonena ngati akuwerenga nthawi ya sitima. Koma ine pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu.

"Sizidzatero, ba Harold. Anthu adzabwera. Ndidzaonetsetsa ine."

"Lonjezo?"

"Lonjezo."

Titatuluka, Chipo anandikoka malaya pakhonde. "Ba Zambia, muzabachosa kuti bantu? Muzabagula ku shopu? Mudala uja wamvela, ka. Osamuseweretsa."

Chaka chomwecho ba Yotamu anamwalira. Kupita kunali kosatheka, tchuthi ndinali nditamaliza. Maliro a mkulu wanga ndinawaonera pa foni, masana, nditakhala pa dengu la zochapa m'kachipinda ka makina ochapira. Kumandako foni anagwira ndi ba Mudenda, neba wathu wa ku Maramba, Mtonga wamtali wokonza njinga, amene sadziwa kuti foni imaona mbali iti. Ndinaona mitambo, chala chawo, ndi nsapato za anthu. Koma ndinamva mafosholo. Kenako chithunzi chinagwedezeka, foni inapatsidwa kwa wina, ndipo ndinaona msana wa ba Mudenda ukuwerama pa dothi. Belu la chipinda china linalira, ndinapukuta m'maso n'kupita kukatembenuza munthu.

Ba Harold anapita maluwa achikasu atayamba kutuluka m'mbali mwa njanji. Anapita masana, atangomwa tiyi, mwakachetechete monga amachitira zinthu anthu a kumeneko. Poti analibe wachibale, maliro anakonza ndi a khonsolo. Manda analipo kale, pamodzi ndi akazi awo. Koma nthawi imene anapereka inali ya mmawa, pakati pa sabata, pamene tauni yonse ili m'sitima.

Ndinapempha chithunzi chawo chakale, atavala kapusi ya pantchito. Mayi wa ku laibulale anandisindikizira timapepala tonena tsiku ndi malo. Mmawa wa masiku atatu otsatizana, ndisanalowe ntchito, ndinaima pa msewu wa ku sitesheni kuuza anthu maliro monga timachitira kwathu. Anthu ankandizungulira ngati chithaphwi. Ena ankayesa ndikuitanira tchalitchi chatsopano, ena malo odyera. Bambo mmodzi anawerenga, anati, "Pepani kwambiri, ndi tsiku la ntchito," n'kundibwezera kapepalako mwaulemu, ndi manja awiri. Tsiku lachitatu ndinabwerera ndi mtolo wanga wonse, kupatula timene mphepo inatenga.

Chipo sanandiseke. Anandiikira tiyi patsogolo n'kunena kuti, "Tizayenda tabili. Ni bantu naise."

Koma lonjezo silinali la anthu awiri olipidwa kusamalira munthu. Ndinakhala ndikuyang'ana chipewa changa pa msomali, ndipo mwina ndi chimene chinandiuza. Anthu awa sangapatuke pa msewu wawo, zimenezo ndinali nditaziona. Nanga maliro sangapite pa msewu wawowo?

Madzulo ake ndinapita kwa oika maliro. Ndinapeza bambo wonenepa, wa mawu ofewa ngati a namwino. Ndinamupempha kuti motoka ya bokosi inyamuke msanga pang'ono, ndipo m'malo modzera kuseri idzere msewu wa ku sitesheni.

"Msewu umenewo, nthawi imeneyo?" anatero. "Bambo, adzatidya amoyo."

Ndinamuikira chithunzi pa tebulo. Anachiyang'ana nthawi yaitali, makutu ake n'kuyamba kufiira.

"Mdala uyu anandigwira ndili mwana wa sukulu, ndilibe tikiti," anatero. "Sanandinenere kwa bambo anga. Anangondisesetsa pulatifomu yonse." Anatseka buku lake. "Ndidzayenda patsogolo ndekha."

Ndiwo mwambo wawo wakale, umene ndinali nditangouwerenga: woika maliro kutsika, kuvala chipewa chachitali chakuda, n'kuyenda wapansi patsogolo pa motoka.

Mmawa wa tsikulo ine ndi Chipo tinaima pa kapinga kaja, pamalo penipeni pamene ndinadzichititsa manyazi. Chipo ananyamula chithunzi titachimata pa katoni. Majasi akuda anayamba kusefukira monga mwa masiku onse. Ndiye kumtunda kwa msewu kunaoneka chipewa chachitali, chikubwera pang'onopang'ono, motoka yakuda pambuyo pake, ndi mzere wa magalimoto ena osaleza mtima kumbuyo. Ndinavula chipewa changa n'kuchigwira pachifuwa.

Anthu anapitiriza kudutsa. Khumi, makumi awiri, osacheuka n'komwe. Mumtima ndinayamba kupepesa ba Harold.

Kenako bambo wina wa imvi, wa chikwama cha chikopa, anatsala pang'ono kugunda katoni ya Chipo. Anaima kuti apepese, n'kuona chithunzi. Anachotsa timawaya m'makutu.

"Si uja wa pa geti uyu?"

"Ndi yemweyo," ndinatero. "Akudutsa komaliza."

Anaika chikwama pansi n'kuima pambali panga. Mayi wina wachikulire anaona iye, anaona chithunzi, anagwira pakamwa, naye n'kuima. Wachitatu anati mdala uyu ankamusungira ambulera akaiwala. Ndiye chinachitika chimene mabuku a ku laibulale sanandiuze, koma ndinkayenera kuchidziwa: anthu a kumeneko akaona anzawo ataima pamzere, miyendo imaima yokha. Achinyamata amene sanagwirepo tikiti ya pepala anaima, mafoni n'kutsikira m'matumba. Tsidya lina la msewu nawonso anaima. Nsapato zija zinakhala chete, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva mbalame pa msewu umenewo.

Kumunsi sitima inalowa. Tonse tinaimva. Ena anathamanga, ndipo sindiwaimba mlandu, ntchito ndi ntchito. Koma ambiri anaima mpaka bokosi linadutsa patsogolo pawo, zitseko za sitima n'kulira, sitimayo n'kunyamuka. Bambo wa imvi uja anayang'ana wotchi yake, anapumira m'mwamba, anatola chikwama n'kundifunsa kuti kumanda ndi mbali iti.

Amene anatsata mpaka kumanda anadzaza mabenchi awiri a m'kachalitchi ka kumeneko. Si ambiri, ku Maramba akanati munthuyo anali mfiti. Koma abusa, amene anakonzekera kulalikira mipando, anachita kubwerera kukatenga mabuku ena a nyimbo. Pa manda Chipo anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kwathu, ine n'kumugwirira besi. Bokosi litatsika ndinayang'ana uku ndi uku kufuna fosholo. Panalibe. Anatiyendetsera kabokosi ka dothi louma, aliyense kutsinako pang'ono ngati mchere. Kuseri kwa maluwa kunali kamakina kokumbira, kakudikira mwaulemu kuti tichoke. Manja anga anayabwa njira yonse yobwerera.

Ndinagwirako ntchito mpaka msana unati basi. Nditabwerera ku Livingstone ndinapeza nyumba ili ndi malata atsopano ndi mpanda wa njerwa, zimene thukuta langa linamanga ine osaziona. Tisa anali ndi mwana amene ankabisala kuseri kwa chitseko akandiona. Amake Tisa anali atazolowera kugamula okha zinthu, ndipo ankandiuza nkhani zitatha kale, monga amachitira ndi mlendo wolemekezeka. Alamu anga, akazi a ba Yotamu, anali atasamukira ku Dambwa North. Pa mzere wathu anthu ankandipatsa moni bwinobwino, koma ndikafunsa za uje, yankho linkakhala lakuti, "Aa, simunamve?" Ndinasiya kufunsa.

Tsiku lina masana ndinapeza ba Mudenda pansi pa mtengo wa mango, njinga itagona chagada, akumata chubu. Ndinakhala pa chitini n'kuwafotokozera zonse: atsekwe, mathithi ofika m'mawondo, ba Harold, chipewa chachitali. Ndivomere, pofika pa sitima ija ndinakometsera pang'ono, ndipo mwina inanyamuka yopanda munthu ndi mmodzi yemwe. Iwo anamvetsera osadukiza, akuviika chubu m'beseni kufuna pobowoka. Nditamaliza ndinadikira kuti anditame.

Anapukuta manja pa ovolosi.

"So mwenze mwayenda konse kuja kukaimika sitima ya bazungu," anatero. "Awe, mwachita bwino, ba neba. Mudala uja anayenda monga muntu. Manje mvelani. Pamene munalibe, pa laini yatu ino tinaika ba Yotamu, tinaika amake Mutinta, tinaika na mwana wa ba Lungu. Paliponse ine nenze kutenga fosholo kabili, ya ine na ya imwe, kuti bantu basakambe ati nyumba ija ilibe mwamuna. Msana wanga nawo ni wa muntu. Pa Chiwelu tiika ba Sitali. Chipewa musiye ku nyumba, kuno kulibe makina kumbuyo kwa maluwa. Mubwele na fosholo."